Chitseko Chathu Chija

Chithunzi chako chafika, Mwanaisha.
Chinavuta kutseguka, netiweki ya pa Linga ukuidziwa,
ndinachita kukwera pachulu kuseri kwa mzikiti,
foni m'mwamba ngati mnyamata wotsatsa chambo pamsewu.

Ndaona. Nyumba zamiyala zosanjikizana paphiri,
ina pamutu pa inzake ngati madengu a usipa palole,
timawindo topakidwa njereza m'mphepete,
mtambo utagona pakhonde ngati mbuzi ya mwini khomo.
Iwe uli pakona, theka la nkhope,
wanyamula mwana wa abwana ako
ndi chikwama cha amake.

Walemba kuti m'mudzimo simugona munthu.
Eni ake anatsikira kuchigwa, kunyumba zamagetsi,
anasiya mitsuko ndi mphero zitapukutidwa bwinobwino,
ndipo pachipata pali mnyamata wong'amba matikiti.
Walembanso kuti kumazizira.
Kwa Aluya kuzizira?
Ine ndinkayesa konseko ndi mchenga wokhawokha.

Kuno ntchito ndi yomwe ija.
Dzulo ndinakweza mzungu pakabaza,
tcheni chinaduka kawiri tisanafike pamkuyu.
Ndinalakatula zimene ndinaloweza, zaka ndi mayina:
pano ankawerengera minyanga,
apa ankamangirira anthu,
uko zombo zamatanga zinkadikira mphepo.
Anajambula muzu, anajambula chikwangwani chadzimbiri,
anajambula ana a Che Twaibu akusenda chinangwa
osawapempha.
Anandipatsa faifi sauzande
ndi botolo la madzi lotsala theka.

Koma mzere wako womaliza ndiwo wandilanda tulo:
"Achimwene, zitseko zakuno zikufanana ndi chathu chija."

Chathu chija.
Chamlombwa, chofuna amuna anayi kuti chinyamuke,
chosemedwa maluwa pamwamba, unyolo m'mbali,
misomali yamkuwa itatuluka mitu
imene unkaiwerenga ndi chala usanadziwe kuwerenga.
Kuseri kwake n'kumene unkabisala pothawa madrasa,
zala zakuphazi zikuonekera pansi,
bambo n'kumanamizira kukufuna kunkhokwe.

Sunafunse kuti ndalama ya pasipoti inachokera kuti
ndipo ine sindinanene.
Anadzachitenga Lachitatu, iwe uli ku Lilongwe kodinda zala.
Chili ku Senga Bay tsopano, paloji ina,
achipaka vanishi, achikhomera pakhoma lopanda khomo.
Sichitsekula kanthu, sichitseka kanthu.
Ndinapitako kamodzi, mlonda anandiimitsa pageti,
ndinangochisuzumira pampata wa mpanda
alendo akusinthana kuima pambali pake, akumwetulira.

Pakhomo pathu ndinaikapo lata.
Mwera ukawomba limalira usiku wonse
ndipo mayi amadzuka, amati ndi iwe ukugogoda.

Ndikamaloza alendo njira ija ndi chala,
yopita kutsidya, kenako kunyanja yamchere,
ndimanena kuti zinatha kalekale.
Amagwedeza mitu, mitima yawo imakhala pansi.
Sindiwauza kuti mlongo wanga anaidutsa chaka chatha
pandege, atavala nsapato zatsopano,
wonyamula chikwama chake ndili ine.

Akakutenganso kuphiriko, Mwanaisha,
mwana akagona, abwana akatanganidwa ndi kujambula,
ukagwireko chitseko chimodzi.
Ukaone ngati pansi pake padadyeka ndi mapazi,
ngati pali pamene mwana wina adakanda ndi msomali.
Undiuze ngati nawonso, otsikira kuchigwawo,
amabwera nthawi zina kudzagula tikiti
kuti aone pamene anabadwira.

Ndipo pali funso limene umalidumpha
mwezi wachitatu uno:
pasipoti ija ili m'manja mwa yani?

Usayankhe ndi chithunzi.
Mpunga wa kudambo wayamba kuwerama,
mpheta zachuluka, wozipirikitsa palibe.
Ndikhala pachulu pano mpaka batire itatha.